Suti ya tsiku limodzi: mmene geni ya matelala imayendera ku Hoi An

M'tawuni ya Hoi An, m'chigawo chapakati cha dziko la Vietnam, munthu akhoza kulowa m'shopu ya telala m'mawa, kusankha nsalu, kuyezedwa thupi, n'kubwera mawa lake kudzayesa suti yosokedwa kale. Tawuniyi ndi yaing'ono, koma mashopu osoka zovala alipo mazanamazana, ndipo m'misewu ina monga Tran Phu, Le Loi ndi Tran Hung Dao amachita kugundana khomo ndi khomo. Pafupifupi onsewa amadalira kasitomala wa mtundu umodzi: mlendo wodzaona malo amene ali ndi masiku awiri kapena atatu okha, ndipo ndege yake yobwerera ili ndi tsiku lake kale.

Amalonda ena a ku Malawi amapita ku Asia kukapikula katundu, ndipo tsiku lina angafike ku Vietnam n'kukopeka kuti asoketse, makamaka poti kuyambira mu Ogasiti 2023 dzikolo limapereka viza ya pa intaneti kwa nzika za mayiko onse. Ambiri sadzapondako phazi, koma ali ndi makina pakhonde la sitolo kapena benchi ya nsalu mumsika. Onsewa ali ndi chotolapo pa mmene ndalama imayendera m'tawuni imeneyi.

Hoi An ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa mzinda wa Da Nang, m'mbali mwa mtsinje wa Thu Bon. Ilibe bwalo la ndege kapena siteshoni ya sitima, choncho mlendo amatsikira ku Da Nang n'kukwera galimoto. M'zaka za m'ma 1500 mpaka m'ma 1700 linali doko lotchuka kumene amalonda a ku China, Japan, Portugal ndi Netherlands ankakumana, ndipo Azungu ankalitchula kuti Faifo. Silika anali m'gulu la katundu amene ankamufuna kwambiri. Mtsinje utayamba kudzaza mchenga, zombo zikuluzikulu zinasamukira ku Da Nang ndipo tawuniyi inazizira. Kuzizirako kunapulumutsa nyumba zake zakale, moti mu 1999 bungwe la UNESCO linaika tawuni yakaleyo pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse. Alendo atayamba kukhamukirako, matelala anachulukana. Mu 2008 pulogalamu ya pa BBC yotchedwa Top Gear inaonetsa owulutsa ake akusoketsa zovala ku Hoi An, ndipo mbiri ya matelalawa inafika patali.

Wogulitsa si wosoka

Chinthu choyamba chimene mlendo ayenera kudziwa n'chakuti munthu amene wamulandira m'shopu, kumupatsa madzi ozizira ndi kumuonetsa mabuku a masitayilo, kawirikawiri si telala. Ndi wogulitsa. Ntchito yake ndi kulankhula Chingelezi, kuyeza thupi, kulemba oda ndi kumanga mtengo. Oda ikalembedwa, nsalu ndi pepala la miyeso zimanyamulidwa pa njinga yamoto kupita kumalo osokera, kumene wina amangodula, wina amasoka mathalauza okhaokha, wina majekete, wina n'kumalizitsa mabatani ndi kusita. Ntchito ikachuluka amasoka mpaka usiku. Chinsinsi cha suti ya tsiku limodzi chagona pamenepa: chovala chimodzi chimadutsa m'manja mwa anthu angapo, aliyense akuchita kachigawo kamene wakazolowera.

Mashopu akuluakulu odziwika, monga Yaly Couture, Bebe Tailor ndi A Dong Silk, ali ndi antchito ambiri ndipo mitengo yawo ndi yokwererapo. Mashopu ang'onoang'ono ambiri, kuphatikizapo mabenchi a mumsika wa nsalu wa m'tawunimo, alibe osoka awoawo. Amatumiza ntchito kwa osoka apadera, ndipo n'zotheka kuti mashopu awiri oyandikana, amene akutchula mitengo yosiyana, akutumiza nsalu kwa wosoka mmodzi yemweyo. Choncho kukongola kwa shopu sikunena kanthu za msoko. Funso loyenera kufunsa asanapereke ndalama ndi lakuti: kodi poyesa chovala, amene wadula nsaluyo adzakhalapo? Ngati yankho ndi lakuti ayi, zonse zimene kasitomala adzadandaule zidzayenera kudutsa pakamwa pa wogulitsa, kenako pa choko chimene walemba pansalu, zisanafike kwa mwini lumo. Uthenga woyenda chonchi umataya zina panjira.

Za mtengo ndi madobadoba

Mitengo imasiyana kwambiri malinga ndi nsalu ndi dzina la shopu. Kawirikawiri shati imakhala m'madola makumi ochepa, pamene suti ya jekete ndi thalauza imayambira cha m'ma 100 madola a ku America n'kukwera kupitirira 300 m'mashopu akuluakulu. Kwa mlendo wa ku Britain kapena Australia umenewu ndi mtengo wotsika zedi. Kwa wamalonda wa ku Lilongwe amene wavutika kupeza dola iliyonse, nkhani ndi ina.

M'kati mwa mtengo umenewu mumakhala gawo limene silipita kunsalu kapena kwa wosoka. Ndi komishoni. Wolandira alendo pa hotela, woyendetsa takisi kuchokera ku Da Nang, wotsogolera alendo, ngakhale mayi waulemu amene wakumana ndi mlendo pamsewu n'kumufunsa kumene wachokera, aliyense akhoza kukhala ndi shopu ya "mchemwali wake" imene akuichemerera. Mlendo akalowa m'shopumo ataperekezedwa, kapena atanyamula kakhadi kochokera ku hotela, woperekezayo amalandira zake, ndipo ndalamayo imachokera m'thumba la wosoketsa. Amalonda a ku Malawi amawadziwa bwino madobadoba. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Hoi An dobadoba amavala yunifolomu ya hotela ndipo amamwetulira kwambiri.

Poyerekeza chabe: suti yatchulidwa madola 150, ndipo mwa amenewa madola 30 ndi a woperekeza. Mwini shopu sangatsike kupyola pamene gawo la woperekezayo latetezeka, choncho kasitomala woperekezedwa amanenerera pa mpata wochepa. Wolowa yekha ali ndi mpata wa madola 30 onsewo. N'chifukwa chake wozindikira amayenda yekha, amalowa m'mashopu atatu kapena anayi, amafunsa mtengo wa chovala chimodzimodzi pa nsalu yofanana, n'kutuluka osagula. Kunenerera n'kololedwa, ndipo kumagwira bwino ntchito munthu akamasoketsa zovala zingapo pamodzi. Koma kufinya mtengo mopyola muyeso kuli ndi zotsatira zake. Mwini shopu akavomera mtengo umene sumupindulitsa, amabweza phindu lake pa zimene kasitomala sakuziona: lainingi yotchipa, zipi yofooka, ulusi wosalimba.

Ndalama ya dzikolo ndi dong, ndipo dola imodzi imaposa madong 25,000. Suti ya madola 150 imafika madong oposa 3.7 miliyoni. Mashopu ambiri amatchula mtengo m'madola koma amalandira madong, choncho afunika kugwirizana msanga kuti dola akuiwerengera pa zingati. Wolipira ndi khadi afunse ngati pali kaperesenti kowonjezera. Palinso msampha waung'ono umene wagwetsa alendo ambiri: ndalama yapepala ya 20,000 ndi ya 500,000 zonse ndi zobiriwira ngati mtambo, ndipo madzulo kuwala kukachepa n'zosavuta kuzisokoneza.

Nsalu ndiyo imanama kwambiri

Pamashelefu pamakhala mipukutu yolembedwa kuti silika, wulu wa ku Italy, kapena cashmere. Zolembedwazo si umboni. Dziko la Vietnam lili m'gulu la mayiko atatu otumiza kunja zovala zambiri padziko lonse, pamodzi ndi China ndi Bangladesh, koma nsalu zambiri zimene limagwiritsa ntchito limaitanitsa kunja, makamaka ku China. Nsalu yambiri ya masuti otchipa ndi yosakaniza ndi poliyesitala. Kusakaniza si tchimo, ndipo nsalu yotere sichedwa kuuma komanso sikwinyika msanga. Vuto limabwera pamene munthu walipira mtengo wa wulu weniweni n'kupatsidwa pulasitiki imene idzamuwotche thukuta mu Okutobala.

Njira yakale yoyesera ndi moto. Kasitomala apemphe kachidutswa ka nsalu, asolole timaulusi pang'ono n'kuyatsa panja. Silika ndi wulu zimanunkha ngati tsitsi lopserera, moto wake suchedwa kuzima, ndipo zimasiya kaphulusa kakuda kamene kamafumbutuka akakafinya ndi zala. Kotoni amayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa lotuwa. Poliyesitala imasungunuka, imanunkha pulasitiki, ndipo imasiya kampira kolimba kosaphwanyika. Nsalu yosakaniza imaonetsa zonse ziwiri. Ayese ulusi wa m'litali ndi wa m'lifupi padera, chifukwa nsalu ina imalukidwa ndi silika mbali imodzi yokha. Wogulitsa amene ali ndi katundu weniweni sakana kudula kachidutswa. (Wogulitsa nsalu mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe akhoza kugwiritsa ntchito njira yomweyi popikula, ndipo siifuna chida china choposa machesi.)

Akasankha nsalu, kasitomala atenge kachidutswa kake n'kukamata pa lisiti, ajambulenso mpukutuwo pafoni. Zimachitika kuti chovala chimabwera chitasokedwa ndi nsalu ya mtundu wofanana koma yopepukirapo, ndipo popanda kachidutswa palibe pogwira pokangana. Afunsenso za lainingi. Ambiri amataya ola lonse posankha nsalu yakunja n'kuiwala yamkati, pamene ndi yamkatiyo imene imakhudza thupi ndipo ndi imene imayamba kung'ambika.

Jekete ili ndi chinsinsi chinanso pachifuwa. Kuti iime bwino, mkati mwake mumaikidwa chinsalu cholimbitsa. Pa jekete yapamwamba chinsaluchi chimasokedwa ndipo chimakhala chomasuka pakati pa nsalu yakunja ndi lainingi. Pa jekete yofulumira chimangomatidwa ndi guluu potenthetsa ndi simbi. Ambiri mwa masuti a tsiku limodzi ndi omatidwa, ndipo akachapidwa kapena kusitidwa mobwerezabwereza, guluu akhoza kumatuka n'kusiya matuza pachifuwa amene sakonzeka. Kuti adziwe, munthu atsine nsalu pansi pa batani lomaliza, chala china kunja china mkati, n'kuzikoka pang'ono. Akamva nsalu yachitatu yomasuka pakati, jeketeyo ndi yosokedwa. Poyerekeza, matelala a mumsewu wa Savile Row ku London amathera maola pafupifupi 50 pa suti imodzi ndipo kasitomala amadikira milungu ingapo. Zimene amapeza mlendo ku Hoi An ndi chovala chodulidwa pa miyeso yake, pa mtengo wabwino, koma sichili m'gulu limenelo, ngakhale chikwangwani chitanena zotani.

Masiku atatu, osati limodzi

Cholakwa chachikulu chimene alendo amachita ndi kupita kwa telala tsiku lomaliza. Chovala chosokedwa koyamba sichikhala bwino pathupi nthawi yomweyo. Pamafunika kuchiyesa kawiri kapena katatu, ndipo pakati pa kuyesa kulikonse pamafunika maola angapo kuti chibwerere kwa wosoka. Woyenda mwanzeru amapereka oda tsiku limene wafika, amayesa koyamba mawa lake, kachiwiri madzulo kapena mkuja, n'kusiya tsiku lina lapadera. Ena sauza wogulitsa tsiku lenileni lonyamukira, amatchula la dzulo lake. Chifukwa chake n'chomveka: shopu ikadziwa kuti takisi ya ku bwalo la ndege ikubwera 4 koloko, chovala chimafika 3 koloko, ndipo kasitomala amachilandira mmene chilili.

Poyesa, munthu asamangoima chilili pagalasi pamene ogulitsa akumuyamikira kuti watchena. Akhale pampando, akweze manja ngati akupachika katundu, awerame, alowetse manja m'matumba. Avale nsapato zimene adzavalire thalauzalo. Msoko wa paphewa uthere pamene phewa lathera, chifukwa phewa la jekete likalakwika n'lovuta kulikonza kuposa malo ena onse. Kolala igone pakhosi osasiya mpata. Mizere ya nsalu ikumane bwino pamisoko ndi pamatumba. Atembenuze chovalacho aone mkati, akoke mabatani, atsegule ndi kutseka zipi kangapo. Matelala akumeneko amakonda kusoka zothina, choncho wofuna chomasuka anene momveka, ndipo apemphe kuti asiye nsalu yokwanira m'misoko ya m'chiuno ndi m'mbali. Nsalu yotsalayo ndi imene idzathandize telala wa kumudzi kukulitsa chovalacho thupi likadzasintha. Chovala chachikulu chimachepetsedwa mosavuta, koma chodulidwa mothina chilibe mankhwala.

Kawirikawiri shopu imafuna dipoziti, nthawi zambiri theka la mtengo. Zotsalazo zisaperekedwe mpaka chovala chitakhala mmene anagwirizanirana, chifukwa mphamvu yokha imene mlendo ali nayo ndi ndalama imene ili m'thumba mwake. Pa lisiti palembedwe chiwerengero cha zovala, nsalu, lainingi, mtengo wonse, zimene zaperekedwa, nthawi yoyesa, komanso kuti kukonza n'kwaulere. Wolipira zonse tsiku loyamba wadzimanga yekha manja.

Njira yochepetsera mavuto ndi kunyamula chovala chimene chimamukhala bwino kale n'kupempha kuti akopere. Matelala a ku Hoi An ndi akatswiri pokopera, ndipo chovala chenicheni chimawauza zambiri kuposa chithunzi cha pafoni, chimene sichionetsa kumbuyo kapena kulemera kwa nsalu. Wofuna zovala zambiri ayambe ndi chimodzi. Shati imodzi ikatuluka bwino, ndiye awonjezere zisanu.

Nyengo nayonso ili ndi mawu. Mu Okutobala ndi Novembala kumagwa mvula yamphamvu ndipo mtsinje wa Thu Bon umasefukira kulowa m'misewu ya tawuni yakale. Pa chikondwerero cha Tet, chaka chatsopano cha ku Vietnam chimene chimachitika kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, osoka ambiri amapita kwawo ndipo ntchito imaima kwa masiku angapo.

Kodi pali geni pamenepa?

Wamalonda akaona suti yokongola pa madola 120, mutu umayamba kuwerengera kuti atasoketsa khumi akagulitsa zingati kumudzi. Masamu ake savomera. Mtengo wa ku Hoi An ndi wa chovala chimodzi cha munthu mmodzi, ndipo muli lendi ya shopu ya m'tawuni ya alendo, malipiro a wogulitsa wodziwa Chingelezi ndi kufulumira kwa ntchito. Suti yosokedwa pa saizi wamba, popanda mwini wake woiyesa, yataya chinthu chokhacho chimene chinakweza mtengo wake. Ikafika pa hang'ala ku Blantyre idzapikisana ndi masuti a m'fakitale ochokera ku China ndi ku Turkey, komanso ndi jekete za kaunjika. Pamwamba pake pali kulemera kwa chikwama, poti ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, ndiponso msonkho wa MRA pa katundu wodzagulitsa. Wofuna zovala kapena nsalu zopikula ku Vietnam amapita kwina: misika ya Tan Binh ndi An Dong ku Ho Chi Minh City, kapena msika wa nsalu wa Ninh Hiep kufupi ndi Hanoi.

Ena amaganiza zotenga maoda kumudzi, kuyeza makasitomala, n'kukasoketsa kumeneko. Apa ngozi ndi yaikulu koposa. Telala aliyense ali ndi kayezedwe kake, ndipo pepala la miyeso silionetsa kuti munthu ndi wowerama msana kapena kuti phewa lina ndi lotsika. Suti ya mkwati ikafika yothina sabata ya ukwati, wosoka ali kutsidya kwa nyanja, ndipo amene adzabweze ndalama ndi kutaya dzina ndi wamalondayo. Amene watsimikiza mtima kuyesa njirayi anyamule chovala cha kasitomala chimene chimamukhala bwino, achepetse maoda ake ku mashati, madiresi omasuka ndi mathalauza, ndipo asiye gawo la phindu loti alipire telala wa kumudzi wokonza.

Zimene telala ndi wogulitsa nsalu wa ku Malawi angatengepo sizifuna tikiti ya ndege. Ku Hoi An nsalu ndi wosoka zimagulitsidwa pamodzi, pa mtengo umodzi, ndipo kasitomala sayenda ndi chitenje m'manja kufunafuna telala. Wogulitsa zitenje amene wagwirizana ndi atelala awiri odalirika akhoza kuchita chimodzimodzi pa benchi yake. Kugawana ntchito nakonso n'kotheka: atelala atatu a pakhonde limodzi, wina wodula, wina wosoka, wina womalizitsa, amatulutsa mayunifolomu a sukulu ambiri kuposa aliyense payekha. Ndipo pali nkhani ya tsiku. Mashopu a ku Hoi An amasunga nthawi chifukwa kasitomala wokhumudwa amakalemba dandaulo pa TripAdvisor kapena Google, pamene alendo a mawa amawerenga asanasankhe shopu. Telala amene amauza kasitomala kuti "mubwere Lachisanu" kwa milungu itatu amalembedwanso, kungoti zake zimayenda pakamwa ndi pa magulu a WhatsApp a akomiti ya ukwati.

Mashopu ambiri akumeneko amasunga miyeso ya kasitomala m'buku kapena pa kompyuta, pamodzi ndi nambala ya foni ndi nsalu imene anasankha. Mlendo akabwerera kwawo akhoza kutumiza uthenga n'kupereka oda ina, chovala n'kumupeza pa positi kapena pa kampani yonyamula katundu. Wofuna kudzachita zimenezi apemphe kope la miyeso yomaliza, imene yalembedwa chovala chitakonzedwa, osati ya tsiku loyamba. Afunsenso mtengo wotumizira ku Malawi asanachoke m'shopumo, chifukwa pa shati imodzi kapena ziwiri ndalama yotumizira ikhoza kuposa ya shatiyo.